Mayi wa fibromyalgia wakana amitriptyline, akufuna masingano

Nabanda:
Anzanga ndithandizeni, ndatopa naye mayi uyu wa fibromyalgia, matenda ophwanya thupi lonse kwa nthawi yaitali. Wa zaka za m'ma 40, thupi lonse kuphwanya chaka chachiwiri tsopano, tulo sapeza, kukacha amadzuka ngati wagonera kulima. Zoyeza magazi (FBC, ESR, TSH, RF) zonse zili bwino, HIV negative. Diclofenac (mankhwala a ululu) wamwa mpaka m'mimba mwayamba kutentha. Ndinamuika pa amitriptyline 25mg usiku, sabata isanathe wabwerera, akuti kukamwa gwa, kuntchito akungowodzera. Wawerenganso kapepala ka m'bokosi kuti ndi mankhwala a depression, ndiye akuti ndamuyesa wamisala. Pano akufuna kalata yopita kwa a acupuncture m'tauni, aja obaya timasingano pathupi pofuna kuchepetsa ululu. Ndilembe?

Aphiri:
Mwayambira pamwamba mayi. Yambani ndi 10mg, ngati ku pharmacy kuli 25 yekha adule piritsi pakati, azimwa cha m'ma 7 madzulo osati pokagona. Mumufotokozere kuti mlingo wochepa chonchi ndi wa ululu ndi tulo. Za masinganozo ayi, ndi placebo yodula, chithandizo chongonamizira.

Nangozo:
Aphiri musathamange. Kuno ku UK, NICE, bungwe lopereka malangizo a zachipatala, mu 2021 inati pa chronic primary pain (ululu wokhalitsa wopanda chifukwa chooneka, monga fibromyalgia) mutha kuyesa kosi imodzi ya acupuncture, muthanso antidepressant, koma musayambitse mankhwala a ululu monga opioids, NSAIDs (gulu la diclofenac) kapena pregabalin. Zonse ziwiri zimathandiza pang'ono chabe. EULAR, bungwe la ku Ulaya la matenda a nyamakazi, chomwe inalimbikira kwambiri ndi masewera olimbitsa thupi. Mayiyu amayendako? Mutumizeni ku physio, ayambe mphindi khumi patsiku.

Aphiri:
Cochrane ya 2013, imene inaunika pamodzi kafukufuku wa masingano pa fibromyalgia, inapeza kuti pa ululu masingano enieni sasiyana ndi onamizira. Ndiye munthu awonongerenji ndalama ya ufa?

Achisale:
Ine ndinalandirapo mayi usiku akubanika, atabayidwa masingano paphewa masana ake. X-ray kuonetsa pneumothorax (mpweya kulowa m'chifuwa n'kufinya phapo), tinachezera naye ndi chest drain, paipi yotulutsira mpweyawo. Ngati mayi wanuyo akupita ndithu, afunse ngati masingano ndi atsopano otsegulidwa iye akuona, hepatitis B sisewera. Ngati ali pa warfarin (mankhwala oletsa magazi kuundana) ayambe wabwera kwa inu. Dzina lanu musaike pa kalata yopita kwa munthu amene mapepala ake simunawaone.

Nachisale:
Nawo amitriptyline si maswiti. Mwamufunsa za maganizo odzipha? Musamupatse wa miyezi itatu nthawi imodzi, overdose yake imaononga mtima. Ndipo onani m'buku lake lachipatala, wina asakhale atamupatsa tramadol kapena fluoxetine kwina, chifukwa mankhwalawa sagwirizana ndi amitriptyline. Wodwala wanga wina amene anawaphatikiza anabwera akunjenjemera, thukuta kamukamu, ife kumangoti malungo. Mumufunsenso za kunyumba pamene mwamuna wake palibe.

Aphiri:
Zonsezo ndi zoona koma piritsi timalidziwa mlingo wake. Singano mlingo wake ndi uti?

Nangozo:
Wodwala amene wakana piritsi mlingo wake ndi ziro, Aphiri.

Achisale:
Kodi duloxetine, antidepressant winanso, alipo amene wamuonapo ku boma? Kwathu kuno ngakhale amitriptyline yemweyo anatha mwezi watha, tikungolemba kuti akagule.