Za funso langa lija la Dracula: sanali woyamba ayi

Masabata awiri apitawo ndinafunsa ngati buku la Dracula, lomwe Bram Stoker anatulutsa mu 1897, ndi lomwe linayambitsa nkhani za mizukwa yoyamwa magazi m'mabuku a Chingerezi. Zikomo nonse amene munandiyankha. Ndafufuzafufuza, ndipo ndinasochera ndithu.

Nkhaniyi inayambira ku Switzerland mu 1816. Phiri la Tambora ku Indonesia linali litaphulika mu 1815, phulusa lake n'kusokoneza nyengo mpaka ku Ulaya, mvula ndi chisanu pa nthawi yoti kuzitentha. Lord Byron, wolemba ndakatulo wa ku England, ndi anzake, atabindikira m'nyumba ya Villa Diodati m'mbali mwa nyanja ya Geneva, anapangana kuti aliyense apeke nkhani yoopsa. Mmodzi mwa iwo, Mary Shelley, ali ndi zaka 18 zokha, anayamba kulemba Frankenstein. Dokotala wa Byron, John Polidori, anadzatulutsa The Vampyre mu 1819, ndipo mmenemo ndi momwe mzukwa unasanduka bwana waulemu wake, wovala bwino, wocheza ndi anthu apamwamba. Zomvetsa chisoni, osindikiza anayamba aikapo dzina la Byron.

Koma chomwe chandigwira mtima ndi Carmilla ya Sheridan Le Fanu ya 1872. Woyamwa magazi wake ndi mkazi, amabwera ngati mlendo wofooka, n'kukhala mnzake wapamtima wa mtsikana wa pakhomopo. Ndinaiwerenga pafoni usiku magetsi atazima. Mphaka atalumphira padenga la malata, tsitsi linandinyenyera, foni inagwera pansi.

Dracula ndikadali pakati, pomwe sitima yapamadzi yonyamula Dracula ikufika ku Whitby, tauni ya ku England.