Maphunziro a ana ku munda wa zomera aja, tilipire kapena tisiye?

Amake Tadala: Makolo anzanga mwaswera bwanji. Kalata ya kusukulu ija mwaiona? akuti ana azipita ku munda wa zomera wa boma kamodzi pa sabata teremu yonse kukaphunzira za mitengo, maluwa ndi tizilombo, ndiye tilipire pamwamba pa fizi, thiransipoti payokhanso. Ine mutu sukugwira, ndi zofunikadi izi kapena nkokangoyenda chabe

Bambo a Yamikani: kkkk kulipira kuti mwana akaone mtengo? mitengo ili ponseponse amayi, atuluke panja aone ulele

Amake Tadala: bambo akunyumba anenanso zomwezo ndithu

Madam a Sayansi: Pepani ndilowerereko poti wanga alinso mkalasi momwemo. Ana ambiri zomera saziona ngakhale akudutsa pompo tsiku ndi tsiku, muwaonetse chithunzi cha mbalame ili pa nthambi onse anena mbalame, za mtengowo palibe otchula. Akatswiri awiri a ku America, Wandersee ndi Schussler, analemba za vuto limeneli chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Ndiye pulogalamu ikakhala yabwino mwana amagwira yekha ndi manja, amazula nyemba nkuona timibulu ta ku mizu tija, akatswanya kamodzi ndi chikhadabo mkati mumakhala mofiirira, ndiye mukamuuza kuti mmenemo muli mabakiteriya otenga nayitulojeni mu mpweya nkupatsa chomeracho sadzaiwalanso. Kapena kumanga jumbo pa nthambi ya masamba dzuwa likuwala, pakapita nthawi mkati muli madontho a madzi. Zolemba pa bolodi zokha sizikhala mmutu choncho

Bambo a Yamikani: Madam ndi ulemu wonse, nyemba ndi jumbo zimafuna basi yokwera? zimenezo mupange kuseri kwa kalasi

Madam a Sayansi: Pamenepo simukunama bambo, zimenezo nzotheka pasukulu. Chimene sukulu ilibe ndi nyumba yagalasi ija ya zomera za mmaiko ena, za mchipululu, zina zogwira ntchentche ngati Venus flytrap, komanso mwina maikulosikopu yoti aone timabowo ta pansi pa tsamba tolowera mpweya, ndi anthu oti ntchito yawo ndi yomweyo chaka chonse. Ngati zimenezi mulibemo ndiye inenso sindingalipire

Amake Chifundo: Ine ndinene zanga. Wamkulu wanga anapitako ku munda wina ndi sukulu yake yakale, kalasi yonse wowatsogolera mmodzi, akutsogolo okha ndi amene ankamva, akumbuyo kumangokankhana nkumajambulana, kulikonse akuti osaponda apa osagwira icho, mwana anabwera atatopa ndi kope lodzaza maina achilatini amene anakopera pa tizikwangwani ndipo nditamufunsa kuti waphunzira chani anati basi inali ndi nyimbo zabwino. Ndalama inalowa mmadzi

Bambo a Yamikani: mwamva ndiye zimene ndikunenazo

Achimwene ake Dalitso: Ine ndimalipirira mng'ono wanga. Maina achilatiniwo asanyozeke, ndi dongosolo la katswiri wa zomera Linnaeus la 1753, maina awiri pa chomera chilichonse kuti wa dziko lina ndi wa dziko lina adziwe kuti akukamba chomera chimodzi. Komanso minda yotereyi inayamba ngati kalasi, wa ku Padua ku Italy anautsegula mu 1545 kuti ophunzira udokotala azizindikira zitsamba za mankhwala osasokoneza ndi zina

Bambo a Yamikani: amenewo anali a yunivesite achimwene, athuwa sokosi amataya daily kkkk

Amake Chifundo: koma zoona, mwana wa zaka 9 chilatini achite nacho chani

Madam a Sayansi: Chilatini chidikire. Kwa ine chabwino mu kalatayi ndi choti ndi teremu yonse, mwana akadzala mbewu sabata yoyamba aziipeza yamera, ayeze ndi rula, aone maluwa, aone njuchi zikubwera, mpaka njere. Ulendo wa tsiku limodzi ndi umene umathera zimene anena amake Chifundo zija

Amake Tadala: Ndiye tiwafunse kaye a hedi, gulu limodzi ana angati, adzagwira dothi kapena kumangoyang'ana, mvula ikagwa amatani, nanga mwana akadwala sabata zingapo ndalama imabwezedwa? komanso Tadala njuchi ikamuluma amatupa kwambiri, ndiye ndimve ngati kumeneko kuli wodziwa chithandizo choyamba

Achimwene ake Dalitso: mufunsenso ngati makolo angapo tingapite nawo tsiku loyamba tisanalipire zonse

Bambo a Yamikani: Ine akachotsa ya thiransipoti ndiganizanso, apo ayi Yamikani adzala nyemba mchitini kunyumba konkuno

Amake Tadala: kkkk bambo inu. Chabwino ndipita mawa mmawa pokasiya mwana, amake Chifundo tipitire limodzi chifukwa mafunso ovuta mumawatha ndinu

Amake Chifundo: bola isanakwane 8, ndili ndi ntchito