Tinangolowana, tiyambire pati kuti likhale banja lenileni?

Abale anga a kuno ku Johannesburg, ndithandizeni nzeru. Ine ndi bambo a mwana wanga takhala limodzi zaka 6 ku Rosettenville, koma tinangolowana. Ankhoswe athu sanakumanepo n'komwe, ndipo amalume akangoimba foni kuchokera ku Ntcheu, nkhani ndi yomweyo.

Kwathu, lamulo la 2015 limalola khoti kuvomereza ukwati wa anthu amene akhala limodzi zaka zosachepera 5. Koma kuno, ngakhale mutakhala zaka zingati, simuwerengedwa okwatirana. Chikundisowetsa tulo ndi nyumba imene tikumanga kumudzi: mmodzi atatisiya, achibale sangadzalande?

Inu amene munadutsamo, munayamba ndi chinkhoswe kumudzi, kapena munathamangira kaye kukalembetsa ukwati ku Home Affairs, ofesi ya boma la kuno?