Inflate yandipinga malo atatu m'kabuku kamodzi

Wofunsa, womasulira wa ku Lilongwe:
Akuluakulu, ndithandizeni. Ndikumasulira kabuku kophunzitsira alangizi a zaumoyo, ndipo eni ake akukafuna Lachisanu. Pa tsamba loyeza BP alemba "inflate the cuff". Pa za kagulidwe ka zipangizo akuchenjeza za "inflated invoices". Kumapeto, pa bajeti, pali "when inflation slows down". Ndinaika "kufufuma" monsemo kuti mawu afanane, koma nditawerenga mokweza sizikumveka.

Namwino wa ku Dedza:
Achimwene, pa BP chotsanipo kufufuma. Ife timati "popani". Umamanga lamba pamkono, n'kugwira kampira kopopera kaja m'dzanja, n'kumafinya mpaka kugunda kwa mtsempha wa padzanja kusiye kumveka, kenako n'kuwonjezerako 20 kapena 30 pa manambala a pa geji. Potsitsa timati "phwetsani pang'onopang'ono". Mukalemba kufufuma, mlangizi aganiza kuti mkono wa wodwala ndiwo ukutupa.

Mphunzitsi wa Chingerezi wopuma, Zomba:
Amayi anena zoona, koma ndiloleni ndifotokoze chifukwa chake liwuli likuoneka ngati lili ndi nkhope zambiri. Linachokera ku Chilatini, inflare: in ndi "m'kati", flare ndi "kuuzira". Ndiye tanthauzo lake loyamba ndi kuuzira mpweya m'kati mwa chinthu, monga mwana amachitira ndi chibaluni. Litalowa m'Chingerezi, kale kwambiri zaka za m'ma 1500 zisanafike, linkanena za thupi lotupa ndi mpweya, makamaka mimba. N'chifukwa chake flatulence, mpweya wa m'mimba uja, ndi m'bale wake. Kenako anayamba kunenera munthu wodzitukumula, amene kukula kwake n'kwa mphepo chabe.

Za ndalama zinabwera mochedwa, ku America m'zaka za m'ma 1800. Poyamba sankanena mitengo ayi, ankanena ndalama zapepala zikachuluka kuposa golide ndi siliva amene ankaziimira. Liwuli linafala pa nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865, boma litasindikiza ndalama zimene anthu ankazitcha greenbacks. Chithunzi chake n'chomwecho: chinthu chakula kunja, koma m'kati ndi mpweya. Amene anagwirapo pepala la 100 trillion dollars la ku Zimbabwe akudziwa chimene ndikunena.

Wowerengera ndalama, Blantyre:
Pa ma invoice paja palibe za chuma cha dziko, ndi kuba basi. Katoni ya magolovesi ndi ya mtengo wakuti, wina n'kulembapo kawiri kuti agawane yapamwambayo. Lembani "mitengo yokwezedwa mwachinyengo". Musafewetse.

Mtolankhani wa pa wailesi:
Chachitatucho ndiye msampha, ndipo ine ndinagweramo. Tsiku lina National Statistical Office, nthambi ya boma yoona za ziwerengero, itatulutsa ziwerengero za mwezi, ndinawerenga pa wailesi kuti "mitengo yatsika". Mafoni sanatipatse mpata. Mayi wina anafunsa kuti msika umene mitengo yatsikawo uli kuti, iye akagule mafuta ophikira. Anali ndi chifukwa chokwiyira. Inflation ikatsika kuchoka pa 30 kufika pa 25 pa 100 iliyonse, zinthu zikukwerabe mtengo, kungoti liwiro lake lachepa. Wopopa tayala wayamba kupopa pang'onopang'ono, koma tayala silinaphwe. Mitengo ikatsikadi, Chingerezi chili ndi liwu lina, deflation.

Komanso musasakanize ndi kugwa kwa kwacha. Zimene Reserve Bank inachita mu November 2023, kutsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 pa 100 iliyonse, ndi devaluation. Mitengo inakwera pambuyo pake, inde, koma ndi zinthu ziwiri.

Wofunsa:
Ndiye ndisiye zofuna liwu limodzi?

Mphunzitsi:
Siyani, mwanawanga. Chingerezi chinamanga zonsezi mtolo umodzi, Chichewa chinazipatula. Tayala timapopa, chibaluni timauzira, mtanda wa mandasi umafufuma, mwendo umatupa, mitengo imakwera. Mlangizi wa kumudzi akufuna liwu limene dzanja lake lingatsatire.

Wofunsa:
Ndakonza chonchi. Tsamba la BP: "Popani lamba mpaka kugunda kusiye kumveka, wonjezerani pang'ono, kenako phwetsani pang'onopang'ono." Kagulidwe: "Chenjerani ndi mitengo yokwezedwa mwachinyengo." Bajeti: "liwiro la kukwera mitengo kwa zinthu likachepa."

Namwino:
Zili bwino, koma pa "wonjezerani pang'ono" ikanipo nambala, 20 mpaka 30. Ena akamva pang'ono amapopa mpaka wodwala kulira.