Alamu anga anditumizira Clomid kuchokera ku Joni, ndiyambe kumwa?

Nangozo wa ku Lizulu

Moni amayi anzanga. Ndakhala ndikungowerenga za ena, lero ndati nane ndilankhule. Ndili ndi zaka 29, ndimagulitsa mbatatesi ndi kabichi pamsika wa Lizulu. Pabanja ndatha zaka zinayi koma mphatso palibe, ngakhale kupita padera sindinapitepo. Kumwezi ndimapita mosadziwika: mwezi uno ndasamba, kenako miyezi iwiri kapena itatu zii. Zinayamba ndikadali mtsikana, jakisoni wolera sindinabayitsepo.

Zitsamba ndamwa zambiri. Agogo ena cha ku Tsangano anandipatsa mizu yoviika m'botolo, mbuzi yathu inatsala komweko. Apongozi sandinyoza pamaso, koma akabwera amayamba ayang'ana pamimba, kenako nkhani ya zidzukulu za anzawo. Pamene pamandiwawa kwambiri ndi pamsika. Anzanga onse amaitanidwa make uje, ine mpaka lero ndi Nangozo basi.

Sabata yatha alamu anga amene ali ku Joni atumiza kabokosi kolembedwa Clomid 50 mg. Akuti mnzawo anamwa n'kubereka mapasa, ndiye ndizimwa awiri patsiku mpaka atathe. Bambo akunyumba akuti ingomwa, tachedwa kale. Ndawabisa m'sutikesi, mtima ukufuna koma mantha ndili nawo. Alipo anamwapo?

Make Chisomo, Bembeke

Achemwali, mpaka atathe ayi, chonde. Ine ndinamwapo omwewo koma anandilembera ndi adokotala. Ndi piritsi limodzi patsiku kwa masiku asanu okha, kuyambira tsiku lachiwiri la kusamba, basi, n'kudikira mwezi wina. Anandiuza kuti dzira limatuluka pakatha masiku 5 mpaka 10 chimwereni lomaliza, ndiye masiku amenewo bambo asachoke pakhomo. Thupi linkatentha mwadzidzidzi, usiku wa June kuno ku Bembeke ine ndikutaya bulangete, ndipo ndinkapsa mtima pa zinthu zazing'ono. Ndinaima ulendo wachitatu. Chisomo pano ali sitandade 1. Koma asanandipatse anayamba atiyeza tonse awiri.

Anamwino opuma, Dedza boma

Mwanawe, wachita bwino kufunsa usanameze. Dzina lenileni la mankhwalawo ndi clomiphene, ndipo ntchito yake ndi imodzi yokha. Amachititsa ubongo kuona ngati homoni ya estrogen yachepa, ndiye ubongo umatulutsa homoni ina yotchedwa FSH yochuluka, imene imakhwimitsa dzira kuti lituluke. Sabweretsa mwana okha. Ngati machubu odutsamo dzira anatsekeka, dzira lituluka koma silikumana ndi umuna. Ndipo kutsekeka kwa machubu kuno n'kofala, kumabwera ndi matenda opatsirana ngati chinzonono amene sanachizidwe bwino, kapena mafinya mayi atapita padera. Ngati mbewu ya abambo ndi yofooka, ungamwe chaka chonse palibe chichitike.

Mmene wafotokozera za kulumpha miyezi kuyambira utsikana, n'kutheka kuti dzira silituluka mwezi uliwonse. Kawirikawiri limakhala vuto la kusokonekera kwa mahomoni lotchedwa PCOS, makamaka ngati ukunenepa msanga, ziphuphu sizikutha, kapena tsitsi likumera pachibwano. Koma chithokomiro kapena homoni ya mkaka ikakwera zimachitanso chimodzimodzi, ndipo mankhwala ake ndi ena. N'chifukwa chake amayamba ndi sikani ndi magazi. Ngati ndi PCOS usataye mtima, amayi otere ndi amene mankhwalawa amawathandiza kwambiri. Masiku ano madokotala ambiri amayambira letrozole wa 2.5 mg, amenenso amamwa masiku asanu. Anapangidwira khansa ya m'mawere, koma kwa a PCOS anapezeka kuti amabereketsa kuposa clomiphene.

China chimene chikundiopsa: munthu wolumpha miyezi akhoza kukhala woyembekezera osadziwa, ndiye ayezetse mkodzo asanayambe. Awiri patsiku ndi 100 mg, mlingo umene dokotala amakwezera 50 ikalephera, osati poyambira. Ukapitirira, mazira amatha kutupa, mimba kufufuma, ena mpaka kugonekedwa. Maso akayamba kuona zam'mbuu kapena tinyenyezi, amasiya tsiku lomwelo. Komanso samwa kupitirira maulendo asanu ndi limodzi. Za mapasazo n'zoona, pafupifupi mimba imodzi mwa khumi, koma ine ndagwira ntchito ku matenite, mapasa amakonda kubadwa masiku asanakwane ndipo BP ya mayi imakwera. Usawalakelake.

Pita kuchipatala cha boma ku Ntcheu ndi kabokosiko m'manja, awone ngati ndi enieni komanso tsiku lake lothera. Zimene sangathe akutumiza ku Central. Vitamini wa folic acid yamba lero, ameneyo alibe vuto.

Naphiri wa ku Golomoti

Ine ndingotsindika za abambozo. Ndinagula ndekha pafamase, miyezi isanu ndi itatu ndikumwa, ndalama za mpunga wanga zonse kuthera pamenepo. Akwawo kwa mwamuna anali atanditcha kale chumba. Tsiku limene amuna anga anavomera kukayezetsa, zinapezeka kuti ine ndilibe vuto, mbewu yawo ndi imene inali yochepa. Kuyeza kwake sikupweteka, amangodziletsa masiku atatu n'kupereka m'kabotolo. Adokotala anatiuza kuti pafupifupi theka la mabanja osowa mwana, abambo amakhala ndi mbali yawo. Musalole kunyamula nokha katunduyu achemwali.

Nangozo wa ku Lizulu

Zikomo nonse, ndawerenga misozi ili m'maso. Amayi anamwino, tsitsi la pachibwanolo ndili nalo, ndimazula mobisa m'mawa uliwonse, sindinkadziwa kuti likugwirizana ndi zimenezi. Sindimwa. Ndikagulitsa katundu amene ndapikulayu, Lolemba ndikwera minibasi ya ku boma ndi kabokosi kanga.

Pavuta ndi bambo. Dzulo nditangotchula zoyezetsa anati iwo kwawo onse ndi obereka, n'kutuluka panja osadya. Si munthu woipa, ndikuona kuti akuopa. Ndikuganiza zopita kwa ankhoswe athu, koma ndikuopa kuti nkhani ifika kwa apongozi. A Naphiri, inu munawauza bwanji kuti mpaka avomere?