Pansi pa sinki pakudontha, ndiitane pulambala kapena ndikonze ndekha?

Wofunsa: Abale ndithandizeni, mutu waima. Pansi pa sinki pamangokhala madzi, kabati yafufuma ndipo ikununkha chinyontho. Bilu ya madzi yakweranso. Bambo a kunyumba amangoti akonza Loweruka, koma sipanala anabwereka mlamu wanga amene sabweza zinthu, ngakhale ndowa yanga ili komweko. Apongozi akubwera sabata yamawa. Ndigule tepi ndimange ndekha, kapena ndiitane pulambala?

Bambo wina: ITANANI PULAMBALA, mayi. Madzi si ocheza nawo. Mnzanga anakoka paipi yachitsulo ndi sipanala, osadziwa kuti mkati inadyeka ndi dzimbiri. Inathyokera m'khoma, mpaka anachita kugumula.

Mayi wina: Pulambala wake uti? Wanga analandira ndalama ya zipangizo, kuchoka kuja sanabwerenso.

Bambo uja: Munatola munthu wa pamsewu, mayi. Zipangizo mumagula nokha, iye mumamulipira ntchito ikatha.

Mayi uja: Ndiye wolakwa ndi ine woberedwayo?

Mnyamata wina: Simunanene kuti madziwo akuchokera pati. Pukutani paliponse paume, mukulunge pepala pa joini iliyonse, muone loyamba kunyowa. Ngati kumadontha pokhapokha mukataya madzi mu sinki, ndi paipi yopindika yotulutsa madzi ija. Nati yake yapulasitiki imamangika ndi manja, mwina karabala katha. Koma imeneyo siikweza bilu. Tsekani mipopi yonse muyang'ane mita. Ikamayendabe, pali paipi yolowetsa madzi imene ikuchucha.

Mlongo wina: Nkhani apa ndi abambowo. Mukakonza nokha azolowera, mawa mudzakweranso padenga.

Bambo uja: Mukuona? Tayamba kuphunzitsana ntchito pafoni. Tepi yoyera ija amakulunga pa mazinga a paipi asanamange, kukulunga kunja ndi kutaya nthawi. PULAMBALA.

Wina: Nyumbayo ndi yanu kapena ya lendi? Ngati ndi ya lendi, yambani mwauza eni ake. Komanso ngati pali soketi pafupi, zimitsani magetsi a kukhitchini musanagwire chilichonse.

Wofunsa: Zikomo nonse. Mlamu uja ndamuimbira, akuti sipanalayo anabwereketsanso kwa mnzake. Nanga potsekera madzi a nyumba yonse pamakhala pati?

Mnyamata uja: Kawirikawiri pafupi ndi mita. Koma mayi, pepala lanyowa pati?

Bambo uja: Pulambala akanakhala atamaliza kale.