Madzi otsukira sefa ya dziwe losambira tiziwataya kuti?

Nachisale: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Kalabu yathu ya masewera osambira ku Blantyre ili ndi dziwe la mamita 25 mulitali, 10 mulifupi. Tikatsuka sefa, madzi ake amalowa mu ngalande yomwe imakathira mu mtsinje wa Mudi. Kodi klorini (mankhwala ophera tizilombo) amene ali m'madziwa saononga zamoyo? Tichite bwanji?

Mbewe: Amaononga ndithu, mayi. M'dziwe mumasunga klorini wa 1 mpaka 3 mg pa lita, koma nsomba zimayamba kuvutika asanafike n'komwe pa 0.1, chifukwa amawotcha makha awo. Chotsani paipiyo ku ngalande, muilozetse mu thanki yosavundikira, ya malita 5,000 kapena kuposa malinga ndi mphamvu ya pampu yanu. Madziwo akhale padzuwa masiku asanu mpaka sabata, dzuwa limathetsa klorini. Ngati mumathira stabiliser adikireni nthawi yotalikirapo, paja ntchito yake n'kuteteza klorini ku dzuwa. Kenako tungani madzi pang'ono, muwayeze ndi piritsi loyezera klorini la DPD 1. Akapanda kusanduka pinki, thirirani kapinga ndi mitengo pang'onopang'ono kuti alowe pansi, asayenderere kumsewu. Matope otsalira pansi pa thanki muwaumitse, muwakwirire kutali ndi mtsinje.

Samalani pawiri apa. Mankhwala opha ndere okhala ndi kopa sachoka ndi dzuwa, ndipo amapha nsomba. Dziwe la mchere nalonso madzi ake amaumitsa mbewu. Amenewa funsani khonsolo ya mzinda musanataye.

Gondwe: Ndionjezereko. Ambiri amatsuka sefa Loweruka lililonse mwa chizolowezi chabe, n'kumataya madzi pachabe. Yang'anani geji ya pa sefa, yoonetsa mphamvu ya madzi mu muyezo wa psi. Ikakwera ndi 8 mpaka 10 psi kuposa pomwe imakhala sefa ikangotsukidwa, ndiye nthawi yakwana. Tsukani mphindi ziwiri kapena zitatu, madzi a m'kagalasi kam'mbali mwa sefa akayera zimitsani pampu, ikani pa rinse (kutsukuluza) theka la mphindi. Komanso m'nyengo yotentha ya Okutobala, dziwe likatsika mamilimita 5 patsiku, pa kukula kwanuko ndiye kuti malita 1,250 apita ndi dzuwa ndi mphepo. Chovundikira dziwe chikuthandizani kwambiri.

Nachisale: Zikomo bambo. Nanga osambirawo tiwaphunzitse zotani?

Mbewe: Asambe ndi sopo ndi kupita kuchimbudzi asanalowe. Thukuta ndi mkodzo zikakumana ndi klorini ndi zomwe zimafiiritsa maso n'kubweretsa fungo lija, ndiye mumakakamizika kuthira mankhwala ambiri. Amene watsegula m'mimba asalowe, adikire masabata awiri atachira.

Mwambo womwewu apite nawo kunyanja mukakachita mpikisano ku Cape Maclear kapena ku Senga Bay. Likodzo limafala munthu wodwala akakodzera m'madzi: mazira amaswa, tizilombo timalowa mu nkhono, kenako timatuluka n'kuboola khungu la wosambira. Musanayambe mpikisano onetsetsani kuti zimbudzi zilipo pafupi, pewani malo a bango ndi udzu pomwe madzi sayenda, ndipo mabotolo ndi majumbo anu mubwerere nawo.